Kodi ma conservative a ku America akufuna chiyani pa nkhani ya nyengo ndi zipatala?

Amalume Kaliwo
Moni nonse. Tsiku lija timakambirana zoti Trump anatulutsanso America m'pangano la ku Paris, la mayiko lochepetsa utsi wotenthetsa dziko, anthu angapo muno anangoti ma conservative, amene ambiri a iwo ali m'chipani cha Republican, ndi odana ndi sayansi, ouma mtima kwa amphawi, basi n'kutseka nkhani. Ine sizinandikomere. Kutsutsana nawo n'kololedwa, koma tiyambe tamva zimene eni akewo akunena, osati zimene adani awo amawanenera.

Mmene ndimawamvera ine, pa nkhani iliyonse amafunsa zinthu ziwiri: alipire ndani, ndipo agamule ndani. Pa kulipira, taonani ngongole. Pofika kumapeto kwa 2024 boma la America linali ndi ngongole yoposa madola 36 thiriliyoni, ndipo chaka chimenecho chiwongoladzanja chokha chinadya ndalama zambiri kuposa zimene zinapita ku asilikali. Ndiye wina akabwera ndi ndondomeko yatsopano, kaya ya zipatala kaya ya nyengo, iwo amati dikirani kaye, ngongoleyi adzabweza ndi ana amene sanabadwe n'komwe. Pa kugamula, malamulo oyendetsera dziko lawo amanena kuti mphamvu zimene sizinaperekedwe ku boma la ku Washington zimatsala m'manja mwa ma state kapena mwa anthu eni ake. Mlimi wa ku Nebraska safuna kuti munthu wa mu ofesi ku Washington, amene sanapondepo pa famu, azimuuza galimoto yoti agule. Pamenepa pali nkhanza yanji?

Yamikani
Pepanitu amalume, ngongoleyo amaikumbukira pokhapokha pampando pakakhala wa Democrat. Bush anadula misonkho mu 2001 ndi mu 2003 uku akumenya nkhondo ziwiri, ku Afghanistan ndi ku Iraq, zonse pa ngongole. Trump anadulanso mu 2017. Nthawi yomaliza imene bajeti ya America inatsalako ndi ndalama inali 1998 mpaka 2001, mabajeti a nthawi ya Clinton.

Amalume Kaliwo
Clinton inde, koma Nyumba ya Malamulo inali m'manja mwa ndani? Ma Republican a Newt Gingrich, amene anapambana chisankho cha 1994. Ndiwo ankagwira chikwama. Za Bush ndi Trump, ma conservative ambiri amadandaula zomwezo. Chipani ndi china, mfundo ndi ina.

Tiyamike
Kkkk amalume ayamba kale kuthawira ku "chipani ndi china". Tikadali koyambirira tu.

Aphunzitsi Mbewe
Ine ndilowe pa nyengo, chifukwa apa pali mbiri imene mbali zonse ziwiri zimakonda kuiiwala.

Bungwe la boma loona zachilengedwe ku America, EPA, analikhazikitsa ndi Nixon mu 1970, wa Republican. Pangano la ku Montreal la mu 1987, lothetsa mankhwala amene ankaboola ozoni, boma la Reagan linalikankha mwamphamvu. Ku Britain, Margaret Thatcher, amene anaphunzira chemistry ku Oxford, anaima pa msonkhano wa United Nations mu November 1989 n'kuchenjeza dziko lonse za kutentha kwa dziko, nthawi imene atsogoleri ambiri anali asanayambe kuikapo mtima.

Koma chachikulu kwa ine ndi cha mu 1990. Nthawi imeneyo vuto linali mvula ya asidi. Utsi wa sulfur wochokera m'malo opangira magetsi ndi malasha unkawononga nyanja ndi nkhalango kumpoto chakum'mawa kwa America ndi ku Canada. Bush wamkulu, bambo ake a George W. Bush, sanauze kampani iliyonse makina oti igule. Boma linangoika malire a utsi wonse pamodzi, n'kugawa ziphaso. Kampani yochepetsa utsi mosavuta inkagulitsa ziphaso zake zotsala kwa inzake imene zikuivuta. Utsi unatsika msanga, ndiponso pamtengo wotsika kuposa mmene makampani ankaopsezera. Imeneyi inali nzeru ya ma conservative yeniyeni: boma linene kofika, msika upeze njira.

John McCain poima pa chisankho cha 2008 ankafuna njira yomweyo pa mpweya wa carbon. Koma ma Democrat ataitenga n'kuidutsitsa mu 2009 ku House, chigawo chimodzi cha Nyumba ya Malamulo, ma Republican anaisandutsa mdani, ndipo inafera ku chigawo chinacho, Senate. Ndiye funso langa kwa a Kaliwo ndi ili: chinasintha n'chiyani pakati pa 2008 ndi 2010, mfundo kapena mwini mfundo?

Amalume Kaliwo
Aphunzitsi mwafunsa bwino. Mbali ina ndi ndale, sindingakane. Koma sulfur ndi carbon n'zosiyana. Sulfur inkachokera m'malo owerengeka, ndipo ukaichepetsa ku Ohio phindu lake umaliona ku New York komweko. Carbon imatuluka paliponse: m'galimoto, m'fakitale ya simenti, m'nyumba iliyonse imene ikutenthetsa m'nyengo yozizira. Ndipo America ikachepetsa koma China n'kuonjezera, mlengalenga simusankha kuti uwu ndi utsi wa yani. China lero imatulutsa pafupifupi 30 peresenti ya carbon ya dziko lonse, kuposa America ndi Europe kuphatikiza pamodzi.

Ndipo kudandaula kumeneku sikunayambe ndi Trump. Mu July 1997, pangano la nyengo la ku Kyoto lisanasainidwe, Senate inavota 95 kwa 0 kuti sidzavomera pangano lomanga America koma losiya mayiko amene akutukuka kumene. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsutsa. Mmodzi mwa awiri amene anabweretsa mfundoyo anali Robert Byrd, wa Democrat wa ku West Virginia, dera la migodi ya malasha.

Yamikani
China ikutsogola lero, koma mukawerenga utsi wonse kuyambira pamene mafakitale anayamba, palibe dziko loposa America. Komanso mukagawa pa munthu mmodzi mmodzi, wa ku America amatulutsabe wambiri kuposa wa ku China. Wadya kale wakhuta, ndiye akuuza anzake kuti achepetse.

Ndipo pangano la ku Paris silikakamiza aliyense. Dziko lililonse limadziikira lokha malire. Kutulukamo mu 2020, kubwereranso mu 2021, kusainanso zotuluka pa 20 January 2025, ndani angakhulupirire siginecha ya dziko lotere?

Amalume Kaliwo
Mwana wanga, wangonena wekha mfundo ya ma conservative. N'chifukwa chiyani pulezidenti mmodzi amalowa, wina n'kutuluka ndi cholembera chokha? Chifukwa Obama sanalipititse panganolo ku Senate. Ankadziwa kuti sapeza mavoti 67 ofunika kuti Senate ivomereze pangano. Chinthu chachikulu chotere chikadutsa pakhomo la kumbuyo, chimatulukiranso komweko.

Madalitso wa Thiraki
Ndimangowerenga koma apa ndiyankhuleko. Ine ndimayendetsa thiraki kuno, ndipo msewu wa I-20 kumadzulo kwa Texas ndimaudziwa bwino. Ukadutsa Abilene kulowera ku Sweetwater, mbali zonse ziwiri ndi makina amphepo okhaokha mpaka pomwe maso alekezera. Usiku timagetsi tawo tofiira timaphethira nthawi imodzi, onse pamodzi. Pansi pake ng'ombe zikudya, chapatali pang'ono mapampu a mafuta akugwedeza mitu. Ndipo pamageti a mafamu omwewo pali mbendera za Trump.

Texas ndiyo imapanga magetsi amphepo ambiri kuposa state iliyonse mu America. Lamulo limene linatsegula njira analisaina ndi George W. Bush mu 1999 ali bwanamkubwa, ndipo mawaya akuluakulu otengera magetsiwo kumizinda anamangidwa nthawi ya Rick Perry. Onse ma Republican. Mwini famu akamayankhula sanena za kupulumutsa dziko ayi. Amati kampani imandilipira lendi chaka ndi chaka, kaya mvula igwe kaya isagwe. Mukamuuza kuti ndi wa "green" akhoza kukuthamangitsani.

Tiyamike
Ndiye kuti ndalama ikalankhula chipani chimakhala chete?

Madalitso wa Thiraki
Achemwali, ndi momwemo. Iowa nayo, yoposa theka la magetsi ake ndi amphepo, koma imavotera Trump.

Koma ndinenenso mbali inayo. Dizilo akakwera, ife ndi amene timayamba kumva, kenako aliyense wogula chinthu chimene chinabwera pa thiraki, ndiye kuti chilichonse. Wolemera samva kanthu. Amene amamva ndi uja amayenda mtunda wautali kupita kuntchito ndi galimoto yakale chifukwa nyumba za pafupi ndi tauni sangazikwanitse. Ku France mu November 2018 anthu a majekete achikasu aja anatseka misewu chifukwa cha msonkho wa mafuta, mpaka Macron anabwerera m'mbuyo. Ku Canada msonkho wa carbon wa anthu wamba anauchotsa ndi Mark Carney mu 2025, wa Liberal, ataona kuti Poilievre wa chipani cha Conservative akumudya nawo. Ndiye pamene ma conservative akunena kuti ndondomeko za nyengo zimapweteka wosauka, si bodza.

Aphunzitsi Mbewe
Si bodza, ndipo yankho lake linachokeranso kwa iwo omwe. Mu 2017 James Baker ndi George Shultz, akuluakulu a nthawi ya Reagan, anapereka ganizo lakuti pakhale msonkho wa madola 40 pa tani iliyonse ya carbon, koma ndalama yonse ibwezedwe kwa mabanja mofanana, boma lisatengepo kanthu, ndipo malamulo ambirimbiri a EPA okhudza carbon achotsedwe. Wosauka, amene sawononga mafuta ambiri, akanalandira zoposa zimene walipira. Chipani chawo sichinaliyang'ane n'komwe.

Chimene ine ndimawavomereza nacho popanda kukayika ndi nyukiliya ndi gasi. Utsi wa America watsika kuchokera cha m'ma 2005, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti gasi wotsika mtengo analowa m'malo mwa malasha. Mu 2005 pafupifupi theka la magetsi a America linkachokera ku malasha, pofika 2023 anali osakwana 20 peresenti. Sipangano limene linachita zimenezo, ndi anthu oboola miyala pofuna gasi ku Pennsylvania ndi ku Texas, amene omenyera zachilengedwe amadana nawo. Germany inatseka malo ake atatu omaliza a nyukiliya mu April 2023 uku ikuwotchabe malasha. France, imene magetsi ake ambiri ndi a nyukiliya, ili ndi magetsi oyera kwambiri kuposa Germany. Pamenepa a kumanzere, otsutsana ndi ma conservative, ali ndi mlandu woti ayankhe.

Yamikani
Nyukiliya ndi yabwino pakamwa. Ku Georgia anamanga ma reactor awiri ku Vogtle, anatha mu 2023 ndi 2024, mochedwa ndi zaka zambiri, ndipo ndalama zinapitirira madola 30 biliyoni. Amene akulipira ndi ogula magetsi. Popanda boma kuikapo dzanja palibe kampani ingayerekezenso. Ndiye boma laling'ono lija lili kuti?

Komanso msika umene amaukhulupirirawo wayamba kale kuwerengera nyengo. Mu May 2023 kampani ya State Farm inasiya kulemba inshuwaransi zatsopano za nyumba ku California, ndipo moto wolusa unali chimodzi mwa zifukwa zimene inatchula. Ku Florida makampani angapo a inshuwaransi anagwa kapena kuchoka. Amenewo si omenyera ufulu wa mitengo, ndi anthu owerengera ndalama.

Amalume Kaliwo
Za inshuwaransizo ndi umboni wakuti mtengo ukanena zoona anthu amasintha okha. Vuto limabwera boma likamabisa mtengowo, monga inshuwaransi ya boma ya madzi osefukira imene kwa zaka zambiri yakhala ikuthandiza anthu kumanganso nyumba pamalo omwewo pamene madzi anakokolola. Conservative weniweni amati lekani kulipira anthu kuti akhale pangozi.

Nasibeko
Abambo inu mwatha nthawi pa mphepo ndi malasha, nkhani ya zipatala mwaisiya. Ine ndine namwino kuno ku Texas, ndimagwira ku emergency, ndiye ndinene zimene ndimaona.

Munthu amabwera phazi litatupa, bala lanunkha, shuga ali m'mwamba. Ukamufunsa za insulin amayang'ana pansi, kenako amati ndimabaya theka kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi. Tikumukonzekera kupita ku theatre, iye funso lake loyamba si lakuti phazi lipulumuka, koma lakuti zonsezi zikwana ndalama zingati. Ndipo ine sindingamuyankhe. Dokotala sangamuyankhe. Bilu idzabwera pakapita masabata, mapepala osiyanasiyana, ina ya chipatala, ina ya dokotala wogonetsa, ina ya ojambula. Ena amakana ambulansi, amabwera okha akuyendetsa galimoto chifuwa chikuwawa.

Lamulo lakuti chipatala chisabweze munthu wodwala mwadzidzidzi, kaya ali ndi ndalama kaya alibe, analisaina ndi Reagan mu 1986. Ndi lamulo labwino. Koma zotsatira zake n'zakuti wopanda inshuwaransi amadikira mpaka matenda afike poipa, chifukwa khomo lokhalo limene silingamubweze ndi lathu, ndipo ndi khomo lodula kuposa onse. Bilu akalephera kulipira imagawidwa mwakachetechete kwa ena onse. Kuno ku Texas pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alibe inshuwaransi, kuposa state ina iliyonse. Ndiye amalume, mukamati alipire ndani, dziwani kuti tikulipira kale, kungoti tikulipira kudula phazi m'malo molipira insulin.

Amalume Kaliwo
Mayi, zimene mwanenazo palibe angazitsutse, inu ndi amene muli pamoto. Koma taonani chimene mwatchula: palibe amene akudziwa mtengo. Kodi umenewo ndi msika? Ma conservative amanena kuti zaumoyo ku America si msika waufulu umene walephera, ndi msika umene sunaloledwe kugwira ntchito. America imawononga pafupifupi 17 peresenti ya chuma chake chonse pa zaumoyo, kuposa dziko lina lililonse lolemera, ndipo gawo lalikulu ndi ndalama za boma kudzera ku Medicare ya okalamba ndi Medicaid ya osauka, zimene zinayamba mu 1965.

Chiyambi cha chisokonezo ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Boma linaletsa makampani kukweza malipiro, ndiye makampani anayamba kukopa antchito ndi inshuwaransi ya chipatala. Kenako lamulo la misonkho la 1954 linakhazikitsa zoti inshuwaransi yochokera kwa bwana isamadulidwe msonkho. Kuyambira pamenepo wodwala si amene amagula, bwana ndiye amagula, ndipo ntchito ikatha inshuwaransi yathanso. Onjezani malamulo a m'ma state ambiri akuti usanamange chipatala chatsopano uyambe wapeza chilolezo chosonyeza kuti chikufunika, ndipo zipatala zimene zilipo kale zili ndi ufulu wotsutsa. Florida inachotsa mbali yaikulu ya lamulo lotere mu 2019. Onjezaninso malire amene Nyumba ya Malamulo inaika mu 1997 pa chiwerengero cha madokotala ophunzira ntchito amene Medicare imawalipirira. Zonsezi ndi boma. Yankho lawo ndi lakuti mitengo iikidwe poyera, anamwino odziwa ntchito ngati inu aloledwe kuona odwala popanda kudikira siginecha ya dokotala, ndipo munthu akhale ndi akaunti yakeyake yosungira ndalama za chipatala yosadulidwa msonkho.

Nasibeko
Za anamwinozo mwandigwira mtima kkkk, ndipo za mitengo ndikuvomera. Lamulo lakuti zipatala zizionetsa mitengo linayamba mu January 2021, linachokera ku boma la Trump, ndipo ndi limodzi mwa zinthu zabwino zimene anachita. Koma kufunsa mitengo kumatheka ukafuna kusintha bondo kapena kujambulitsa msana, zinthu zoti ukhoza kudikira. Munthu wa sitiroko safunsa mitengo. Ndipo akaunti yosungira ndalamayo imathandiza amene ali ndi chosunga. Wanga wa phazi uja akanasungamo chiyani?

Aphunzitsi Mbewe
Apanso mbiri ikubwereza zomwe zija za utsi. Ganizo lakuti aliyense akakamizidwe kukhala ndi inshuwaransi linatuluka ku Heritage Foundation mu 1989, bungwe la ma conservative lenileni. Maganizo ake anali akuti munthu asamakwere ulere: ngati chipatala sichingakubweze, nawenso uziponyamo kanthu ukadali bwino. Mitt Romney analigwiritsa ntchito ku Massachusetts mu 2006. Obama atalitenga n'kuliika m'lamulo lake la March 2010, palibe wa Republican ndi mmodzi yemwe amene analivotera pomaliza, ndipo ma Republican analitengera ku khoti lalikulu. Mu 2012 John Roberts, woweruza wamkulu wosankhidwa ndi Bush, ndiye analipulumutsa ponena kuti chindapusa cha munthu wopanda inshuwaransi ndi msonkho.

Zaka 7 akulonjeza kuti adzalichotsa n'kuikapo china. Mu July 2017 ali ndi White House, House ndi Senate, chinacho sichinaoneke. McCain, Susan Collins ndi Lisa Murkowski anakana, mavoti anathera 49 kwa 51. Chimene anakwanitsa ndi kuchotsa chindapusa kudzera m'lamulo la misonkho kumapeto kwa chaka chomwecho. Ine apa ndi pamene ndimaona kufooka kwawo kwakukulu. Amadziwa kufotokoza chimene chalakwika, mwina kuposa anzawo. Koma Switzerland, kumene inshuwaransi ndi ya makampani koma aliyense amakakamizidwa kukhala nayo kuyambira 1996, ndi Singapore, kumene anthu amasunga ndalama za chipatala mu Medisave kuyambira 1984, mayiko amene iwo amawatamanda, onse ali ndi dzanja la boma lolemera kuposa limene iwo angalole.

Mayi Nachisale
Ine ndale sindizitsata kwambiri, koma pali mbali imene simunaikhudze. Ambiri mwa anthu amenewa ndi opemphera, ndipo kwa iwo nkhani yoyamba ya zaumoyo ndi moyo wa mwana wosabadwa. Anadikira kuchokera 1973 mpaka 2022 kuti khoti lalikulu libweze nkhani yochotsa mimba kuma state. Ena amavotera Republican chifukwa cha chimenecho chokha, ngakhale atakhala kuti pa zina sagwirizana nawo. Amakhulupiriranso kuti wovutika ayambe kuthandizidwa ndi banja, mpingo ndi anansi, boma libwere pambuyo.

Musaiwalenso kuti PEPFAR, imene yapulumutsa anthu mamiliyoni ambiri ku Edzi, anaiyambitsa ndi George W. Bush mu 2003, ndipo akhristu a mipingo ya evangelical anali m'gulu la amene anamukankha. Ndiye n'kovuta kunena kuti onse ndi ouma mtima.

Yamikani
Mayi, n'zoona za PEPFAR. Koma ndi chipani chomwecho chimene mu 2025 chinaimitsa thandizo lakunja mwadzidzidzi, kuphwasula USAID, ndi kusaina zotuluka mu WHO. Bush mwini wake anaiyamikira ntchito ya USAID poyera pamene inkatsekedwa. Ndipo mpingo ungathe kuphikira wodwala ndi kumuyendera, koma sungalipire dialysis.

Amalume Kaliwo
N'chifukwa chake ndinati si gulu limodzi. Alipo a msika, alipo a tchalitchi, alipo a "America poyamba" amene safuna n'komwe malonda aufulu amene Reagan ankawakonda. Amakhala m'nyumba imodzi chifukwa zipani zilipo ziwiri zokha. Ku Britain a Conservative ndi amene anaika m'lamulo mu 2019, nthawi ya Theresa May, zoti pofika 2050 dziko lisamaonjezere carbon mlengalenga, ndipo palibe mtsogoleri wawo amene angayerekeze kunena kuti athetsa NHS, zipatala zaulere za boma. Mu 2025 mtsogoleri wawo Kemi Badenoch anati 2050 yo n'zosatheka. Nawonso akukangana okhaokha.

Tiyamike
Funso langa ndi laling'ono. Anthu wamba amene amavotera Republican, iwowo amafuna chiyani pa zipatala? Osati atsogoleri.

Aphunzitsi Mbewe
Pali poonera. Khoti litanena mu 2012 kuti state iliyonse isankhe yokha kukulitsa Medicaid kuti ifikire anthu ambiri kapena ayi, maboma ambiri a Republican anakana. Koma kumene anthu anapatsidwa mpata wovota mwachindunji, anavomera: Idaho, Utah ndi Nebraska mu 2018, Oklahoma ndi Missouri mu 2020, South Dakota mu 2022. Onsewa ndi ma state amene Trump amapambana mosavuta. Ku Missouri aphungu anakana kuikapo ndalama ngakhale anthu atavota, mpaka khoti lalikulu la state linagamula mu 2021 kuti chifuniro cha ovota chitsatidwe. Pano ma state 40 anakulitsa, 10 ayi, kuphatikizapo Texas ndi Florida.

Amalume Kaliwo
Aphungu a ku Missouri analakwitsa pamenepo. Ukamalalikira kuti anthu a m'dera agamule okha, uzimvera akagamula zimene sukufuna. Koma dziwaninso kuti 90 peresenti ya ndalama zokulitsirazo imachokera ku Washington. N'kosavuta kuvotera chinthu chimene wina akulipira. N'chifukwa chake lamulo limene Trump anasaina pa 4 July 2025 likuti wamkulu wathanzi amene analowa mu Medicaid kudzera m'kukulitsako azionetsa maola 80 pamwezi a ntchito, sukulu kapena ntchito yongodzipereka. Olumala, amayi oyembekezera ndi olera ana aang'ono sakukhudzidwa. Ine sindikuonapo cholakwika. Amene angathe kugwira ntchito agwire.

Nasibeko
Pa pepala palibe cholakwika, amalume. Koma anayesapo kale. Arkansas inayamba zimenezi mu 2018, ndipo m'miyezi yochepa anthu oposa 18,000 anachotsedwa, mpaka woweruza anaimitsa mu March 2019. Poyamba njira yoperekera malipoti inali ya pa intaneti yokha, m'dera limene anthu ambiri akumidzi alibe intaneti yodalirika. Ofufuza a ku Harvard atapita kukaona anapeza kuti chiwerengero cha ogwira ntchito sichinakwere, ndipo ambiri mwa okhudzidwawo anali oti akugwira kale ntchito kapena oyenera kukhululukidwa, ena sankadziwa n'komwe kuti lamulolo lilipo. Sanachotsedwe chifukwa cha ulesi, anachotsedwa ndi mafomu. Ndipo n'zodabwitsa kuti anthu odana ndi maofesi a boma ndi amene akuwonjezera maofesi oti aziwerenga maola a munthu aliyense.

Madalitso wa Thiraki
Achemwali a Nasibeko, ndifunseko poti ndili ndi anzanga amene zikuwakhudza, ena ali ku Oklahoma ndi ku New Mexico. Munthu wodzilemba yekha ntchito, mwezi uno katundu alipo wambiri, mwezi wamawa thiraki ili pagalaja sabata zitatu kudikira gearbox. Alibe bwana womulembera kalata. Maola 80 amenewo adzawaonetsa bwanji?

Nasibeko
Lamulo limalolanso kuonetsa ndalama zimene wapeza pamwezi m'malo mwa maola, ngati zikufika pa malipiro otsikitsitsa a boma kuchulukitsa ndi 80. Malipirowo ndi madola 7.25 pa ola, ndiye ndi madola 580. Mwezi wabwino adutsa mosavuta. Vuto ndi mwezi wa gearbox uja, komanso kuti azidzawunikidwa miyezi 6 iliyonse m'malo mwa kamodzi pachaka. Ma state akuyenera kukhala atayamba pofika January 2027, ndipo iliyonse ikonza njira yakeyake yolandirira umboni. Auzeni anzanuwo asunge malisiti onse a katundu ndi mapepala a ku banki, ndipo akasamuka nyumba adziwitse ofesi ya Medicaid msanga. Ambiri amene ndawaona atachotsedwa, kalata inapita ku adiresi yakale.